Jekete Yakuda ya a Pepani

Chimene chinayamba kumudabwitsa Telala chinali phini. Madzulo aliwonse akaweruka ankaphimba galasi lalitali la m'chipinda chosokera ndi nsalu kuopa fumbi, n'kubaya phini kumanzere, poti mayiyu anabadwa wamanzere. M'mawa wina anapeza phini ili kumanja. Atavundukula nsalu ija anaona pagalasi pali mafuta, ngati pamene munthu watsamiritsa chipumi. Diso la telala silifuna tepi: chipumi chimenecho chinali cha munthu wamtali kumuposa iye.

M'nyumbamo munali anthu atatu basi: iyeyo, bambo ake amene sitiroko inawagwetsa chaka chatha n'kuwalanda miyendo ndi mawu, ndi mwamuna wake, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Pepani. Dzinali analipata chifukwa pakagwa vuto paliponse, kaya mwana wapsa ndi madzi otentha, kaya denga lasasuka, woyamba kufika ndi "pepani, pepani" anali iwo. Azimayi akapsa mtima ndi amuna awo ankawanyoza powayerekeza ndi a Pepani. Nanga ndani wina akanalola kumasambitsa apongozi ake, kuwatembenuza pabedi, n'kuumiriranso kuti mapilisi a usiku aziwamwetsa yekha kuti mkazi wake apumeko?

Koma chisamaliro chonsecho sichinkaoneka phindu lake. Kwa sabata ndi theka bambo aja ankangofookerafookera. Maso anafiira, magazi anatuluka m'mphuno kawiri, ndipo namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu waukulu atabwera kudzawayeza, anapukusa mutu. Anati magazi akuthamanga ngati a munthu wosamwa mankhwala, ndipo kugwa kwachiwiri sikuchedwa. Kuyambira tsiku limenelo Telala anakokera matiresi m'chipinda cha bambo ake n'kumagona pansi, pafupi ndi bedi lawo.

Ali pansi pomwepo ndi pamene anakumva kulirako. Magetsi anali atazima, mdima uli bii, moti ngakhale dzanja lako sukanaliona. Sikunali kulira kwa mwana kapena kwa mphaka. Kunali kwa munthu wamkulu, kotsitsa, kochokera pansi pa mimba, koma kunkadukira pakati ngati wailesi yoti wina waizimitsa. Zii. Kenako kunkayambiranso pomwe paja, mawu omwewo, kusisima komweko. Munthu wolira zenizeni sapuma choncho. Telala anamva tsitsi likumuima, ndipo mumdimamo dzanja la bambo ake, lokhalo limene linkagwirabe ntchito, linatsika pabedi n'kumugwira pamkono mwamphamvu.

"Abambo!" Telala anaitana mwamuna wake. Kulira kuja kunaleka nthawi yomweyo. Patapita kanthawi a Pepani anatulukira pakhomo akuyasamula.

"Kuli munthu akulira m'nyumba muno," Telala ananong'ona.

"Mwalota, amayi. Mwatopa inu, pepani."

Usiku wachiwiri kunabweranso, wachitatu chimodzimodzi, ndipo m'mawa uliwonse phini ankaipeza kumanja. Nkhani inafika pamsewu, monga mudziwa kuti makoma ali ndi makutu. Ena ankati ndi mwini nyumba wakale amene anafera m'chipinda chosokeramo. Mayi wa pagolosale anati ndi malemu mayi ake a Telala, abwera kudzatenga mwamuna wawo. Telala anasiya kudya. Anasoka dzanja la diresi la kasitomala chadodolido, chinthu chimene sanachitepo ngakhale ali wophunzira.

Usiku wachinayi mantha anagonja kwa kutopa. Telala anamasula zala za bambo ake chimodzichimodzi n'kutuluka osavala nsapato, akupapasa khoma. Simenti inali yozizira, mpopi wa kubafa ukudontha to, to, to. Pansi pa chitseko cha chipinda chosokera pankaoneka kuwala kwa kandulo. Anayika diso pamng'alu wa pamahinjesi.

Patsogolo pa galasi panaima mwamuna wake, atavala jekete yakuda. Telala ankaidziwa bwino jeketeyo, chifukwa anaidula ndi manja ake. Masabata awiri apitawo a Pepani anabwera ndi nsalu yakuda, ati kuntchito kuli msonkhano waukulu, ndipo iye anawayeza mapewa monyadira. Inali isanathe, mabatani anali asanaikidwe.

"Apongozi anga ine! Mwatisiya ndi yani?"

Analira choncho a Pepani, n'kudzimenya pachifuwa kawiri. Kenako analeka. Anayandikira galasi mpaka chipumi kugunda, nadziyang'anitsitsa. Ndi chala anakweza nsidze imodzi, nayesa kunjenjemeretsa chibwano, nabwerera m'mbuyo n'kuyambiranso. Chimene chinamuumitsa Telala sichinali kuliraku ayi, koma nkhope ya pakati pa kulira kumodzi ndi kwina. Inali ngati nyumba yoti anthu asamukamo.

Ndipo kulirako anakuzindikira. Kunali kwa kalipentala woyandikana nawo nyumba, tsiku limene anaika mwana wake: kudzimenya kawiri kuja, mawu kuthyoka pakati kuja. Telala anakumbukira kuti pamaliro amenewo mwamuna wake sanachotse maso pankhope ya kalipentala, ngati wophunzira akuyang'ana mmene sizasi ikuyendera. Tsikulo iye ankaganiza kuti ndi chifundo.

Kutacha anathamangira pa jekete ija. Telala aliyense amatseka matumba a jekete ndi ulusi woyera mpaka chovala chithe, kuti asakhuthuke. Thumba lakumanzere linali chitsekere. Lakumanja ulusi wake unali utadulidwa. Anapisamo dzanja n'kutulutsa mapilisi a bambo ake, khumi ndi limodzi.

"Ndi khumi ndi awiri," anatero mawu kumbuyo kwake. "Limodzi linagwera kuseri kwa makina."

A Pepani anali pakhomo ndi kapu ya tiyi.

"Abambo, mukuwapha bambo anga! Anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ndi munthu wabwino." Anamwa tiyi. "Koma chipinda chija chili ndi zenera labwino, ndipo fungo lija landikwana. Inu silinakukwaneni? Musaname, amayi."

"Ndikauza anthu!"

"Kauzeni. Ine ndinawauza kale kuti mukumva mawu usiku ndipo mukubisa mapilisi m'zovala za makasitomala. Akukumverani chisoni kwambiri."

Sananame pamenepo. Telala anapita kwa mwini takisi wa pakona kumupempha kuti anyamule bambo ake, koma bamboyo anangoyang'ana pansi, nati ayambe wamva kwa a Pepani. Mayi wa pagolosale anamugwira paphewa n'kumuuza kuti akagone, mutu ukazizira akumbukira kuti mwamuna wotere sapezeka kawiri. Chikomekome cha mkuyu, ndani akanakhulupirira za nyerere? Telala analira pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kulira kwake kwenikweniko ndi kumene kunatsimikizira anthu kuti wapenga.

Anabisala kubafa n'kuimbira foni namwino uja. Namwinoyo anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Mayi, si misala imeneyo, ndipo si ziwanda," anatero motsitsa. "Alipo anthu ena oti chisoni sachimva, mantha sawadziwa, manyazi alibe. Amaona kuti ife timalira, ndiye amaphunzira ngati nyimbo. Musayembekeze kuti alapa, alibe pomwe pakuwawa. Lero ndili kutali, koma mawa ndikutsegula ndine. Abweretseni bambo anu, ndipo mapilisiwo musawataye."

Tsiku lonse a Pepani sanachoke pakhonde, ankapatsa moni odutsa. Telala anawamwetsa yekha mankhwala bambo ake, natseka chitseko n'kutsamiritsapo mpando. Ankaganiza kuti munthu wogwidwa chotere sangabwererenso pagalasi. Koma pakati pa usiku kulira kunayamba, pa nthawi yake yomwe ija. Anatchera khutu. Mawu anali atasintha.

"Mkazi wanga ine! Wandisiya ndi yani?"

Sanadikirenso. Anakhazika bambo ake m'mphepete mwa bedi, nagwada, nawakokera kumsana n'kuwamanga ndi nsalu yofunda. Munthu amene kale ankamunyamula ndi dzanja limodzi tsopano anali wopepuka ngati mtolo wa zovala zochapa. Anadutsa pa chitseko cha chipinda chosokera atagwira mpweya. Atangogwira loko wa khomo lakunja, kulira kunaduka.

"Amayi," anatero mawu aja mofatsa, chitseko chili chitsekere, "mabatani a jeketeyi musaiwale. Ndiifuna posachedwa."

Telala anathamanga. Anagwa kawiri, maondo anang'ambika, koma sanawagwetse bambo ake. Anafika pachipatala kum'mawa kusanayere, geti ili yokhoma ndi unyolo, mlonda kulibe. Anaima pomwepo, mapilisi atawafumbata m'dzanja, akumvera mpweya wa bambo ake pakhosi pake kuti adziwe kuti akadalipo.

Kenako anaona matochi akubwera mumsewu. Patsogolo panali mayi wa pagolosale ndi kalipentala, kumbuyo kwawo anthu ena ambiri, ena atavala zogonera.

"Uyu apa! Mayi inu, mukufuna kuwapha achikulirewa ndi mphepo?" anakuwa mayi wa pagolosale.

"Musandiyandikire! Dikirani anamwino, chonde, dikirani anamwino basi!"

Kalipentala anafika pafupi, maso ake ali jenjenje ndi misozi. Anali munthu wabwino, ndipo zimenezi ndi zomwe zinamupweteka kwambiri Telala.

"Bwererani kunyumba, mlongo wanga," anatero. "Mwamuna wanu watidzutsa tonse, akugubuduka pakhonde. Ine sindilira wamba, koma kulira kwa munthu uja kwandilasa. Kwandikumbutsa tsiku limene ndinaika mwana wanga."

Telala anapotoloka n'kukoleka mikono yonse iwiri muzitsulo za geti, zala za bambo ake zikumukanikiza paphewa. Kuseri kwa matochi, mumdima, kulira kuja kunkayandikira pang'onopang'ono, anthu akupatuka kukupatsa njira. Ulendo uno sikunkadukanso pakati.