Chisanza cha pa Thanki

Lole inazimanso pachitunda, itasenza mchenga fulu. Kachitatu mwezi umodzi! Malume ataimba foni, Manejala anali akungovula kumene yunifomu, ndipo mumtima anati, "Ayambapo sewero lawo lija."

Manejala sanali manejala weniweni ayi, anali mtsikana wa Fomu 3. Kungoti chiyambireni bambo ake kudwala msana, makiyi a lole ndi foni ya maoda ankasunga ndi iyeyo, ndiye malume ake, omwe ankayendetsa loleyo, anamupatsa dzinalo. Pakhomo ponse pankadalira lole imeneyi, mankhwala a bambo, fizi, chilichonse. Koma malumewo iye sankawakhulupirira olo pang'ono. Kusukulu anamva kuti madalaivala amapopa dizilo n'kugulitsa. Ndiye malume akapempha kanthu, yankho linali limodzi: "Tiona."

Loleyo anachita kuikoka mpaka kugalaja. Pansi panali bii ndi oyilo, magiyabokosi ali mbwee ngati maungu. Kunatulukira makaniko wina wa ovolosi yoyera kwambiri, mahedifoni ali m'khutu. Anagundana zibakera ndi malume, Manejala n'kuziona. Makanikoyo analiza injini kamodzi kokha.

"Sisi, apa palibenso nkhani. Ovaholo, kuphwasula injini yonse. Mapisitoni, maringi, zonse."

Analemba mtengo pafoni n'kumuonetsa Manejala. Ndalama imeneyo, kuti aipeze, n'kugulitsa lole yomweyo.

"Mwagwirizana eti?" anatero Manejala akuyang'ana malume. "Mugawana bwanji?"

"Iwe, pakamwa apo," anatero malume. "Inenso sindikuvomereza. Tiye kwa a Sipanala."

A Sipanala anali madala ogwira ntchito kuseri kwa galajayo, magalasi awo omangirira ndi waya. Manejala anawakayikiranso. Bwanji malume athamangira kwa amenewa?

Madalawo sanagwire chitsulo chilichonse. Anangoyamba mafunso ngati adokotala.

"Utsi ukutuluka wotani?"

"Woyera," anayankha malume.

"Oyilo ikudya?"

"Ayi."

"Kutentha?"

"Olo. Imangotsokomola, mphamvu n'kutha, basi yazima."

"Imavuta tsiku lanji?"

Malume anakanda m'mutu. "Ndikaganiza bwino, Lolemba. Katatu konse Lolemba."

Lolemba! Manejala anawayang'ana malume mokayikira. Ndiye kuti wikendi amabwera mozemba ndi paipi yawo. Shuwa.

A Sipanala anatola botolo loonekera mkati, n'kugona chagada pakatoni. Anamasula kabawuti kunsi kwa fyuluta wa dizilo, zamadzimadzi n'kuyamba kudontha. Botolo litafika theka analiimika padzuwa.

"Bwera uone, mdzukulu."

Pamwamba panali dizilo wachikasu. Pansi panali zina zotuwa, zitapatukana bwinobwino.

"Madzi awa. Injini yanu ndi yamoyo, kungoti mukuimwetsa madzi. Ndi ng'ombe kodi?"

Manejala sanaseke. "Ndinadziwa! Mumapopa dizilo, n'kuthiramo madzi kuti geji isatsike. Bambo ali gone kunyumba, inu mukuwadyera masuku pamutu!"

Ngakhale wa ovolosi yoyera uja anachotsa hedifoni imodzi. Malume anatulutsa kiyi m'thumba n'kumuika pang'onopang'ono pa sitepe ya lole.

"Mwana wa mlongo wanga, ndinakubereka kumsana uli ndi mamina. Lero ndine mbava? Tenga kiyi wako, upeze dalaiva wina."

"Tadikirani, achimwene," anatero a Sipanala. "Mlandu sagamula mboni isanalankhule."

Anazungulira mbali ya thanki. Pakamwa pa thankiyo panalibe chivundikiro, panali chisanza cha tisheti yakale chotsekera, chomangidwa ndi mphira. Anachizula n'kuchifinya. Madzi anayenderera m'zala zawo, ndi kathovu komwe. Ananunkhiza.

"Sopo uyu. Wakuba wake ndi waukhondo bwanji! Chivundikiro chili kuti?"

"Chinagwa mwezi wathawu," anatero malume. "Ndinapempha kangapo kuti tigule china."

"Ndiye?"

"Anati tiona."

"Nanga loleyi amatsuka ndani?"

Manejala anayang'ana zala zakumapazi. Lamlungu lililonse masana ankaitsuka yekha ndi paipi yamadzi, kuti bambo akasuzumira pawindo aziiona ikuwala. Ndipo pathankipo m'pamene ankalimbikira zedi, chifukwa pankada ndi dizilo. Tisheti yomweyo inali yake. Anaipereka yekha, akunena kuti zachivundikirozo ndi njira chabe yodyera ndalama.

"Ndine," anatero, mawu ali pansi.

"Wati?"

"Ndimatsuka ndine, agogo."

A Sipanala anaseka mpaka magalasi kutsetsereka. "Aa, lole yoyera kunja, m'mimba muli chigumula! Basi, tamvera. Tikhuthula thanki, titsuka mapaipi, tiika fyuluta wina ndi chivundikiro. Zonse pamodzi sizifika mtengo wa tayala limodzi. Nozo imodzi yofayira dizilo mu injini ikuoneka kuti yalawa madzi, koma ipirira mpaka mutagulitsa matiripu angapo. Mukamva injini ikugogoda, musadikire. Za ovaholo iwalani."

Wa ovolosi yoyera anabwezera hedifoni yake n'kusowa mwakachetechete.

"Tsono fyuluta alipo wamitundu iwiri," anapitiriza madalawo. "Wotchipa, ndi wina wokwererako koma wolimba. Bwana ndi iwe, sankha."

Manejala anatsegula pakamwa kuti anene wotchipa, monga mwa chizolowezi, koma anadzigwira. Anatola kiyi uja pa sitepe, n'kupita pamene malume anaima atafulatira. Anamupereka ndi manja awiri.

"Malume, pepani. Ndinalankhula zopusa pagulu. Loleyi mumaidziwa ndinu. Titenge uti?"

Malume anayang'ana kiyi, anayang'ana mtsikanayo.

"Wolimbayo," anatero malume potsiriza. "Wotchipa tidzagula kawiri."

"Ndiye mawa muyendetsa?"

Malume anatenga chisanza chonyowa chija n'kumuika nacho m'manja mwaulemu, ngati mphatso. Kenako analandira kiyi, nkhope ili siliyasi, koma mlomo ukuwagwedera pofuna kuseka.

"Tiona," anatero.