Pulagi Yakuda Bii

Pepala linatuluka m'makina oyeza utsi wa galimoto lili ndi mawu omwe aja: yalephera. Kanali kachiwiri. Popanda sitika ya utsi, pikapu ya Don Eleuterio sikanaloledwa pamsewu, pomwe maluwa awo achikasu anali atachita kuyanga kumunda ku Xochimilco. Tsiku la Akufa, lomwe anthu amakongoletsa manda ndi maluwa amenewa, linali Lachisanu likudzalo. Likadutsa maluwawo asanafike kumsika, angawagule ndani?

Mwana wawo Yaretzi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anatsomphola pepalalo. Iyeyu ndiye ankakonza pikapuyo, ndi nzeru zongotola pafoni ndi zomasula zinthu yekha.

"Bodza ili!" anakuwa, anthu onse pamzere natembenuka. "Oilo ndasintha, sefa ndasintha. Uja wa galimoto yonyezimira wadutsa ngati mphepo. Ife amphawi mukufuna tikudyetseni kaye, eti?"

"Mwanawe, tseka pakamwapo," ananong'ona bambo ake, chipewa chili m'manja.

Mayi woyeza utsi, Doña Berenice, anavula magolovesi mosafulumira.

"Iwe namakani, pakamwa pako pakufuka kuposa ekizozi yakoyo. Itulutseni panja, umasule pulagi imodzi undionetse."

Yaretzi anaimasula mu injini mwaukali. Pulagi inatuluka yakuda bii, mwaye wokhawokha.

"Ikumwa petulo wosefukira," anatero mayiwo. "Bambo, galimotoyi yakulira kuti?"

"Kwathu ku Veracruz, kunyanja. Tasamuka nayo chaka chomwe chino."

"Ndiye zake. Kuno n'kumapiri, mpweya ndi wochepa. Injini ikakwera kuno umaichepetsera petulo. Koma iyi yanyanya, ngati wina anachita kuonjezera dala. Anagwira ndani kabureta, posakanizira petulo ndi mpweya paja?"

Nkhope ya Don Eleuterio inasintha. "Ndi Nicanor ameneyo, makaniko wa kwathu. Zaka makumi awiri ndikumukhulupirira! Lero andimva." Anayamba kupapasa foni m'thumba.

Yaretzi anakumbukira sabata yawo yoyamba mumzindamu, pikapu ikupuma wefuwefu pachitunda. Iye anaganiza kuti ili ndi njala, napotokola kasikuluwu ka petulo pa kabureta kawiri kathunthu, osauza munthu. Akanatha kukhala chete. Veracruz n'kutali, ndipo mkuluyo akanakana bwanji pafoni?

Foni inayamba kuitana.

"Dulani, bambo."

"Chiyani?"

"Dulani. Ndine ndinapotokola. Don Nicanor musawanamizire."

Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anadula. Sanakalipe, ndipo Yaretzi anaona kuti bola akanakalipa. Wina pamzere paja anaseka. Yaretzi anatembenukira kwa mayi aja.

"Mayi, ndakunenerani zoipa pagulu. Pepani." Anakweza mawu kuti amve onse amene anamva poyamba paja. "Pepani! Ndiye... ndikabwezere mbali iti?"

"Kumanja, pang'onopang'ono, khutu lili pa injini. Utsuke mapulagi onse. Mawa muyambe mwazungulira nayo itenthe, musabwere nayo yozizira. Makina akakana, akana. Ine sindiwanong'oneza kanthu."

"Ndamva, mayi."

Doña Berenice anavalanso magolovesi, nakodola galimoto yotsatira. Atayenda pang'ono anacheuka.

"Ikadutsa, undisungire mtolo umodzi wa maluwawo, wa pamanda a mayi anga. Koma ndigula, wamva namakani? Ndigula."