Moto wa Masana

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, m'nyumba ya Hadija ku Kachulu munayamba kununkha utsi popanda wokoleza moto.

Tsiku loyamba anapeza thumba la mpunga lili ndi bowo lakuda, lozungulira bwinobwino ngati wina wazimitsirapo ndudu. Mawa lake, bowo lina pambali pake. Tsiku lachitatu thumba linanyeka theka, mwayi wake mnansi anaona utsi. Matumbawo anali anayi okha, ndipo nsomba kunalibe.

Latifu, mwamuna wake, anagona pakhomo pa chipinda cha mpunga masiku atatu, chikwanje m'manja. Ankangomva makoswe akuthamangitsana m'denga la udzu, ndi mphepo ikukwekwesa fumbi la m'nyanja youma mumdima woti ndi dzanja lako lomwe osaliona. Moto ayi. Motowu unali wamwano, unkadikira masana onse ali kudimba, pakhomo patatsala mayi Falida okha, amayi ake a Hadija, omwe ukalamba unkawayankhulitsa okha.

Anthu nawonso pakamwa sapuma. Pamjigo zinamveka kuti nkhalambayo imalavula moto ikakwiya.

"Botolo ndinakatenga kwa sing'anga ku Songani lija likugwira ntchito, akuba sabwera," Latifu ananong'oneza Hadija. "Koma vuto la m'nyumba momwemo silingalithe."

"Mukunena amayi anga?"

"Ndatchula munthu ine? Mawa apite kwa achimwene awo ku Chisi, tione ngati moto ubwerenso."

Hadija anakana, analira, anatukwana, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. M'mawa mayi Falida anasenza kamtolo kawo.

"Ine wamoto, mwanangu? Manja onjenjemerawa, ngakhale machesi akundikanika," anatero, n'kutsetserekera kunyanja.

Tsiku limenelo Hadija sanapite kudimba. Mtima unali utamuwira. Anadzitsekera m'chipinda cha mpunga, nakhala pansi kudikira. Munali zii, mdima wotentha, udzu ukungothetheka padenga. Pamwamba pake panalendewera botolo lija, lagalasi, lamimba yozungulira, lodzaza madzi. Sing'anga analamula kuti mkazi asaligwire, asaliyang'anitsitse nkomwe.

Dzuwa litafika paliwombo, pakhoma panaoneka kadontho koyera, kowala ngati diso la mphaka. Kanayenda. Pang'onopang'ono kanatsika khoma, kanakwera thumba, kakucheperachepera, kakuwalirawalira. Kenako pathumbapo panatuluka kautsi kowonda.

Anaikapo dzanja, kanamuotcha ngati khala. Atakweza maso anaona dzuwa likulowa pa kabowo ka denga, n'kudutsa m'mimba mwa botolo, n'kutulukamo litasongoka.

"Ha, zoona? Chinthu ichi?"

Analithothola n'kuliphwanya pansi, osalabadira zoletsa za sing'anga zija. Anathamangira kugombe opanda nsapato, akuitana amayi ake. Kutsogolo kwake kunali matope ong'ambika okhaokha mpaka ku Chisi, opanda mtengo, opanda mthunzi, mpweya ukuvina ndi kutentha. Dzuwa lomwe linaboola thumba lija linali pamutu pa nkhalamba kuyambira m'mawa.

Madzulo, Latifu akutola magalasi, foni ya Hadija inalira. Anali amalume ake ku Chisi.

"Kodi paja munati achemwali anyamuka lero? Tadikira tsiku lonse kuno, sitinaone munthu."