Nsapato za a Zenon

Apongozi anga, a Zenon, ankadandaula chinthu chimodzi chaka ndi chaka: Ajeremani sanawabwezere nsapato zawo. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwidwa kuno ku Poland ali ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kukawagwiritsa ntchito ya ukapolo m'fakitale ya zipolopolo kwawo kwa Ajeremaniwo. Pachipata pomwepo anawavula nsapato zachikopa zimene bambo awo anasoka, n'kuwaponyera zamatabwa.

Chaka chatha fakitaleyo, imene pano imapanga mapoto, inaitana okalamba onse otsala mwa akapolo aja. Tinatenga mwana wanga Jagoda, poti amaphunzira Chijeremani. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma makutu ndili nawo.

Bwana wa fakitale analankhula mpaka khofi kuzizira, kenako anagawa mamendulo. A Zenon anaitembenuza yawo uku ndi uku.

"Jagoda, muuze mkuluyu kuti ichi sichivalidwa kuphazi. Anandivula pachipata apo anthu akuona. Ndikufuna nsapato zanga."

Mtsikanayo anazolika, n'kunong'ona kamawu kamodzi. Bwana anamwetulira.

"Iwe, wati chiyani?" ndinamutsina.

"Ndati zikomo, amayi. Anthu atiseka."

"Chijeremani chonse chija chathera pa zikomo? Agogo ako alankhula dengu lodzaza, iwe wapereka kambale!"

Kenako anatilowetsa m'chipinda chosungiramo zakale. M'kabati yagalasi munali nsapato zamatabwa, zong'aluka, zakuda bii m'kati. Jagoda anaima pamenepo. Anayang'ana phazi lake, n'kuyang'ananso nsapatozo.

"Agogo, zazing'ono chonchi?"

"Nanga tinali aakulu? Msinkhu wakowu. Matuza ankaphulika madzulo, m'mawa n'kuvalanso."

Sindinamutume. Anapita yekha kwa bwana uja, n'kulankhula mokweza mpaka anthu onse kutembenuka. Kumwetulira kwa bwana kunatha. Kenako anafunsa saizi ya phazi la agogo.

Bwana anatitengera kusitolo ya nsapato, ndipo kumeneko ndiye kunali kwanga. Wogulitsa anabwera ndi tinsapato tonyezimira.

"Chotsa izo, si ukwati uno," ndinatero. "Zachikopa chenicheni, zofika m'miyendo, zaubweya m'kati. Ndi masokosi omwe, anthu adikira zaka makumi asanu ndi limodzi."

Bwana sanatsutse. Anagwada yekha ndi suti yake, n'kuwamangira zingwe a Zenon.

A Zenon anaimirira, anaponda kawiri, n'kuyenda mpaka pakhomo osagwira ndodo.

"Za bambo anga zinali zabwino kuposa izi," anatero. "Koma muuze kuti ine ndi iye tathana."