Wandibera Bambo Anga

Anakumana pa msonkhano wa maloya, nthawi ya tiyi. Mu holo ya hotela imene munkachitikira msonkhanowo anthu ankagwirana chanza uku ndi uku, koma mtsikana wina anaima yekha pafupi ndi chipilala, kapu ili m'manja. Anali loya wa ku ofesi yothandiza osauka pa milandu. Anzake ankamutcha Phee, chifukwa kunja kwa khoti sankatsegula pakamwa.

"Chipilalachi ndi kasitomala wanu, achemwali? Ndaona simukuchisiya."

Anali mnyamata wa suti yotuwa, loya wa ku kampani ina yaikulu. Aliyense ankamutcha Makhadi, poti thumba lililonse la jekete lake linkadzaza ndi timakhadi ta dzina lake.

"Sindidziwa munthu muno," anayankha Phee.

"Mwadziwa mmodzi. Atsala mazana awiri. Tiyeni, moni saluma."

Tsiku limenelo Phee anapatsana moni ndi anthu asanu ndi awiri. Pobwerera kunyumba anapeza kuti kuseri kwa khadi la Makhadi kunalembedwa ndi bolopeni: "Mukamwetulira, woweruza akhoza kuiwala chigamulo."

Chikondi chinayambira pamenepo. M'mawa uliwonse foni inkalira.

"Wadzuka bwanji, duwa langa la m'khoti? Lero upatse moni anthu atatu achilendo. Wachinayi ndi ine, madzulo."

Makhadi anamutengera kwa wojambula zithunzi, namukonzera tsamba lake la pa intaneti. Anamuletsa kunena kuti "ndimangothandizako" akafunsidwa za ntchito yake. "Dzina ndi munda, wokondedwa. Ukapanda kulima umamera tchire." Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, Phee anaitanidwa kukalankhula pa wailesi, ndipo akuluakulu amene kale ankangomudutsa anayamba kumuitana ndi dzina. Ndani sakanakonda mwamuna wotere?

Loweruka lina masana ali mu ofesi ya Phee, mafayilo ataunjikana mpaka pawindo, Makhadi anafunsa, "Nzeru zonsezi, bwanji ukuzikwirira m'kachipinda kano?"

Phee anatseka fayilo imene inali patsogolo pake. Kenako ananena zimene anali asanauzepo munthu.

"Bambo anga anakhala m'ndende zaka zinayi osazengedwa mlandu. Fayilo yawo inasowa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi sankapirira kuwaona, ankatsala kugeti, ine ndimalowa ndekha ndi sopo. Bambo ankandiuza kuti ndiwawerengere zimene taphunzira kusukulu, iwo atagwira mawaya. Tsiku lina anati, 'Uphunzire malamulo, mwana wanga, udzafunefune pepala langa.' Atatuluka anangokhala miyezi iwiri n'kumwalira. Mawu amenewo ngakhale amayi sawadziwa."

Makhadi anamukumbatira, naye maso atafiira.

"Zathera m'makutu mwangamu, mtima wanga. Misozi imeneyi ndidzaipukuta ndine mpaka kukalamba."

Chaka chisanathe, Makhadi anasankhidwa kukalankhula pa msonkhano waukulu wa akatswiri achinyamata. M'malo mosangalala anayamba kudandaula.

"Mlangizi wanga akuti anthu sakumbukira madigiri, amakumbukira nkhani. Nanga ine nkhani ndiitenga kuti? Ndakulira kumpanda, kusukulu pa galimoto. Vuto langa lalikulu linali galu wathu atadwala."

Phee anaseka. "Ukanene za galuyo."

"Iwe usavutike kubwera. Uli ndi mlandu tsiku limenelo. Ndidzakufotokozera zonse."

Koma mlanduwo unaimitsidwa m'mawa womwewo, mboni itadwala. Phee anathamangira ku hotela kumene kunali msonkhanowo, nakhala mpando wa kumbuyo kwenikweni kuti akamudzidzimutse.

Makhadi anakwera pansanja, nagwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi," anayamba motsitsa mawu, "amalume anga amene anandilera anatsekeredwa zaka zinayi popanda mlandu. Fayilo yawo inasowa. Ndinkalowa ndekha m'ndende ndi sopo m'manja."

Phee anawongoka pampando. Kodi makutu ake ankamva bwino?

"Atagwira mawaya, anandiuza kuti, 'Uphunzire malamulo, mwana wanga, udzafunefune pepala langa.' Mpaka lero ndikulifunafuna."

Mayi wina amene anakhala pambali pa Phee anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso. "Mwana uyu wavutika," ananong'ona. Holo yonse inaimirira kuomba m'manja. Phee yekha anatsala pampando.

Anamudikira pakhonde, pafupi ndi tebulo la makapu. Makhadi atamuona, kumwetulira kunathawa pankhope pake.

"Wabwera?"

"Amalume ako ndi ati? Amene ndikuwadziwa ine ali ndi sitolo ya matayala, ndipo ndinadya nawo mwezi watha."

"Tsitsa mawu, wokondedwa. Sindinatchule dzina lako. Ndasintha dala kuti ndikuteteze."

"Unalonjeza."

"Nkhani ija inangokhala mumtima mwako osathandiza munthu. Waona mmene yakhudzira anthu? Bwana wa bungwe lina wandiitana kale. Zikayenda, n'zathu tonse. Si paja tikukwatirana? Chako ndi changa."

"Bambo anga anandisiyira mawu amenewo basi. Analibe nyumba, analibe munda. Wandibera bambo anga kuti anthu akuombere m'manja."

Makhadi anatambasula dzanja, koma pomwepo bambo wina wa imvi anamugwira paphewa. "Mnyamata, wandiliza lero. Uli ndi khadi?"

Dzanja lija linabwerera, n'kulowa m'thumba la jekete. Phee anatembenuka, natsika masitepe osayang'ana m'mbuyo.

Sabata yonse mauthenga anagwa ngati mvula. "Ndiyankhe, duwa langa." "Ndalakwa, koma ndimakukonda." "Kanema wa zimene ndinalankhula zija sindingamuchotse pa intaneti, wafika kale patali. Undimvetse." Sanayankhe ngakhale umodzi. Ku ofesi anzake ankamuonetsa kanema yemweyo pa mafoni awo. "Uli ndi mwayi iwe. Amuna amtima chonchi anatha." Iye ankangogwedeza mutu n'kutsegula fayilo ina.

Lamlungu masana anapita kwa amayi ake. Anawapeza pa mpando wawo wa pawindo, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja, masaya atanyowa.

"Mwana wanga, azakhali ako anditumizira kanema wa mnzako uja. Bwanji sunandiuze kuti nayenso anadutsa njira yathu? Ndimamuona ngati mwana wa mabwana, kani ali ndi bala ngati lathu. Ameneyu umugwiritse. Sangakunyoze chifukwa cha bambo ako."

Phee anagwada pafupi ndi mpandowo.

"Tasiyana, amayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Mawu amene mwamvawo si a amalume ake. Ndi a bambo. Anandiuza ine, inu muli kugeti."

Amayi ake anamuyang'ana. Kenako anazimitsa foni, naiika pansi chafufumimba.

"Anatero bambo ako?"

"Anatero."

"Tanenanso, mwana wanga," anatero akumugwira dzanja. "Ndiwamve kwa iwe."