Lupanga la Pakhoma

Nyumba ya a Lameck Chimwaza ku Oshawa, mzinda wa kuno kudziko la azungu, inali ya mtendere. Ndikunena zimene ndikuzidziwa, chifukwa timapemphera mpingo umodzi, ndipo akazi awo, mayi Zelipa, ndi mnzanga wapamtima. Iwo ndiwo andilola kulemba nkhaniyi kuti ana athu aiwerenge.

Bambo ankayendetsa lole ya katundu, mayi ankasamalira okalamba m'makomo mwawo. Ana analipo awiri: Conrad, amene anali m'kalasi lomaliza la sekondale, ndi mlongo wake Natalie, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kamene kankaphunzira piyano kutchalitchi. Bambo ake akachedwa pamsewu, Natalie ankawavundikirira chakudya ndi kambale, n'kuwaikira masilipasi pakhomo. Anali mwana wotero.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala mzungu wokalamba, a Gordon, amene anapuma ntchito kufakitale ya magalimoto. Akazi awo anamwalira, ndipo ana analibe. Chimene ankachikonda ndi malupanga, aataliatali, opangidwa motengera a asilikali a ku Ulaya a makedzana. Anawapachika pakhoma la pabalaza, lililonse pa misomali yake iwiri. Nthawi yozizira Conrad ankawachotsera sinowo, chipale chofewa chija, pakhomo, ndipo iwo ankamulowetsa m'nyumba, kumupangira koko wotentha, n'kumulola kugwira lupanga lina la mpini wakuda limene mnyamatayo ankalisirira.

"Gwira ndi manja awiri, uliyang'ane, ulibwezere," ankatero m'Chingerezi. "Awa ndi oonera, mwana wanga."

Nthawi yotentha ankasiya kathumba ka tomato wa m'dimba mwawo pamwamba pa mpanda, osagogoda, osanena kanthu.

Chaka chimenecho, tomato asanapse, a Gordon anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Popita kuchipatala anapereka kiyi wa nyumba kwa mayi Zelipa kuti azidyetsa mphaka ndi kuthirira mbewu. Mayi anamukoloweka kiyiyo pamsomali wa m'khitchini, poonekera. Akanamubisira yani m'nyumba mwawo momwe?

Masiku amenewo Conrad anali atapeza mnzake, Overtone, mnyamata wamkulu kwa iye, wa mumzinda wa Brampton, amene makolo ake anachokera ku Lusaka. Anali ndi galimoto yaphokoso ndi foni imene sinkachoka m'manja.

"Kodi Overtone ameneyu amagwira ntchito yanji?" anafunsa mayi.

"Amapanga mavidiyo, Mom."

"Mavidiyo amadyedwa?"

"Simungamvetse," anatero Conrad, n'kunyamula mbale yake kukadyera kuchipinda.

Tsiku lina mayi anamutuma kukadyetsa mphaka, ndipo Overtone anamutsatira. Atangolowa pabalaza anaimba likhweru.

"Iwe mudala! Zonse izi zinkhala chabe pakhoma monga mapikicha?"

"Osagwira. Ndi za eni."

"Eni ali kuti? Nkhalamba ikathyoka chiuno sibwela, boi. Bamaipeleka ku nyumba ya okalamba, katundu bataya. Tenga imodzi, tipite nayo kwa mmisiri, aikonze ikhale yako. Tijambule udula mavwende, upositi, dziko lonse likudziwe. Uyopa chani?"

Conrad anakana tsiku limenelo. Koma mawa lake masana, mayi ali kuntchito, anatenga kiyi yekha. Anatsitsa lupanga la mpini wakuda, nalilowetsa m'chikwama cha ndodo za masewera a hoke. Pakhoma panatsala misomali iwiri, ndi chithunzithunzi cha lupangalo pamene dzuwa silinafufutse penti. Mphaka ankangomuyang'ana.

Mayi anaona kuti lupanga palibe madzulo omwewo pokathirira mbewu. Atabwerera anamupeza mwana wawo pamasitepe, namulankhula motsitsa mawu.

"Pakhoma pa a Gordon pali misomali iwiri yopanda kanthu. Ukudziwapo chiyani?"

"Mwina anakalikonzetsa asanagwe."

"Tandiyang'ana kumaso kuno."

Sanawayang'ane.

"Conrad, kiyi uja anapereka m'manja mwanga ali pamachira. Ngati walitenga, kalibwezere pamisomali pake lero, nkhani ithere pompo. Sindikukalipira."

"Ndiye mukuti ndine wakuba? Mwana wanu yemwe?" Anaimirira n'kumenyetsa chitseko. Mayi anasankha kumukhulupirira, monga timachitira amayife.

Mmisiriyo anali ku Etobicoke, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kumene ndege zikamatera mawindo amanjenjemera. Dzina lake anali a Marek, bambo wa imvi wa ku Poland, wosula mipeni ndi kukonza malupanga a anthu okonda kusunga zinthu zakale. Anayala nsalu patebulo, nagonekapo lupangalo.

"Mukufuna ndilichite chiyani?"

"Zitatu," anatero Conrad. "Mpini muukulunge ndi chikopa chofiira. Pachitsulo muzokotepo dzina langa. Kenako mulinole."

A Marek anatenga lupangalo m'manja. Anapotokola kampira kachitsulo ka kumapeto kwa mpini, nasolola mpiniwo pang'onopang'ono. M'kati munatuluka kachitsulo kowonda ngati msomali, kowotcherera kumapeto kwa lupangalo. Amene munagwirapo khasu kumudzi mukudziwa: khasu limalimba ndi msuka wake wolowa mumpini, ndipo msuka ukakhala wofooka, khasu limaguluka pomwe walikweza.

"Taonani," anatero mmisiriyo. "Lupanga lodulira, chitsulo chake chimatsika chonse, chachikulu, mpaka kumapeto kwa mpini. Ili ayi. Kunja n'lokongola, koma chaligwira ndi kamsomali aka basi. Ndi la pakhoma. Mukamenya nalo chinthu, aka kathyoka, mpini utsala m'manja, chitsulo chiuluka kumene chafuna. Chikopa ndikuikirani, dzina ndizokota. Kunola, ayi."

"Tilipila, mudala," anatero Overtone.

"Ndati ayi." Kenako anatembenukira kwa Conrad. "Ndisanazokote dzina ndimafunsa kawiri, chifukwa dzina likalowa m'chitsulo silituluka. Lupangali ndi lako?"

"Ndi langa."

"Ndikufunsanso. Ndi lako?"

Ndege inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

"Anandisiyira agogo anga."

Patapita sabata anakalitenga. Mpini unali psuu, ndipo pachitsulo panali zilembo zokongola: CHIMWAZA. Dzina la bambo ake, la agogo ake a ku Dedza, pa chinthu chakuba. Tsopano ngakhale akanafuna, akanalibwezera bwanji pamisomali paja? A Marek anaika kachikopa kunsonga kwake kuti lisabaye munthu panjira, nalikulunga m'bulangete lawo lakale, n'kunena kuti asavutike kulibweza.

"Pakhoma, wamva?" anatero potsanzikana.

M'galimoto Overtone anaseka. "Kamudala ka mantha. Batate bako bali na chonolera mu galaja, si so?"

Loweruka a Lameck anapeza tizitsulo tambirimbiri pansi pa makina awo onolera.

"Wagwira makina anga ndani?"

"Ndine, Dad. Ndimanola mipeni ya amayi."

"Mipeni ya amayi ako ndadulira anyezi m'mawa uno. Njobuntha ngati chala changa." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, chinthu chimene munthu amanola mobisa sichidula mlendo. Chimadula wa m'nyumba. Pali chimene ukufuna kundiuza?"

"Palibe."

Foni yawo inalira, ya kuntchito. Anapita.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, mayi Zelipa anabwera kwathu kudzathandiza kukonza chakudya cha mnzathu amene anali atangobereka kumene. Natalie anamusiya ndi mchimwene wake. Kunja kunali kotentha, kopanda kamphepo.

Overtone anafika ndi mavwende awiri. Anaika limodzi pamwamba pa bini ya zinyalala kuseri kwa nyumba, nayatsa foni. Natalie anatuluka ndi matambula awiri a juwisi, chifukwa anaona kuti anyamatawo akutuluka thukuta.

"Lowa m'nyumba," anatero Conrad.

"Ndikufuna ndione nawo."

"Kasiye," anatero Overtone. "Kazatiombela m'manja."

Natalie anakhala pamasitepe, manja ali pamaondo.

Conrad anakweza lupanga natema. Vwende linang'ambika pakati, madzi ofiira n'kuyenderera pabini. Koma m'kati mwa mpini munamveka kaphokoso kakang'ono, kuti the. Iye anakamva m'manja mwake.

"Likugwedera," anatero. "Tisiye."

"Ah iwe, sininajambule bwino. Bweleza. Apa manje na mphamvu, monga mwamuna."

Anaika vwende lachiwiri. Conrad amanena kuti pa nthawi imeneyo anakumbukira zonse: mawu a a Gordon, a mayi ake, kamsomali kaja patebulo la a Marek. Anakumbukira, koma foni inali itamuloza. Anakweza lupanga kuseri kwa phewa, nalizunguza ndi mphamvu zake zonse.

M'manja mwake munatsala mpini wofiira wokha.

Chitsulo chinauluka cham'mbali, chonoledwa ndi manja ake omwe. Natalie anangokwanitsa kukweza dzanja lamanja kuphimba nkhope.

Anthu a mumsewuwo amati kulira kumene anamva koyamba sikunali kwa mtsikanayo, kunali kwa Conrad. Galimoto ya Overtone inali itakhota kale pakona. Mayi wina wa ku Jamaica wokhala kutsidya kwa msewu, amene ankangopatsana nawo moni wa patali, anathamanga wopanda nsapato, navula epuloni yake n'kumanga dzanjalo. Anamufungatira mwanayo mpaka ambulansi inafika, akumuimbira pansipansi.

Ine ndi mayi Zelipa tinafika apolisi ali kale pamalopo. A Lameck anafika pambuyo pathu. Wapolisi anali atatola chitsulo chija pa udzu, ndipo anawerenga zilembozo movutikira.

"Chimwaza ndani pano?"

"Ndine," anatero a Lameck.

"Lupangali ndi lanu?"

A Lameck anayang'ana dzina lawo, magazi a mwana wawo atalowa m'zilembo. Kenako anayang'ana mwana wawo wamwamuna. Mayi Zelipa anatembenukira kunyumba ya a Gordon. Ndinawagwira dzanja.

"Ndi la a Gordon," anatero Conrad. "Ndinaba ndine."

Madokotala anayesetsa. Dzanja analipulumutsa, koma zala ziwiri sizipindikanso mpaka lero. Nkhani ya kiyi inamveka, ndipo mabanja ena amene mayi Zelipa ankawasamalirira makolo anapempha abwana awo kuti awatumizire munthu wina. Mayi amene sanatengepo ngakhale supuni ya mwini. Conrad anakaonekera kukhoti. Overtone sanaimbe foni ngakhale kamodzi, ndipo atafunsidwa anati iye ankangojambula.

A Gordon anabwerera kwawo akuyenda ndi chogwirira. Conrad anapita ndi bambo ake, nagwada pabalaza paja monga timachitira kwathu. Nkhalambayo sinazolowere kuona munthu atagwada, ndipo inamuuza kuti adzuke.

"Ukanandipempha," anatero. "Ndinalibe wina womusiyira. Linali lako kale, ndimangodikira umalize sukulu."

Conrad analira mpaka mawu anatha. A Gordon analembera khoti kupempha kuti amuchitire chifundo, ndipo anapatsidwa chilango chogwira ntchito zothandiza anthu m'malo mwa ndende. Malupanga otsala aja anawatsitsa onse n'kuwatsekera m'bokosi. Pakhoma panatsala misomali yokhayokha.

Mnyamatayu analapa pamaso pa mpingo, ndipo ine ndikukhulupirira kuti analapa zenizeni. M'mawa uliwonse ndiye amamumangira Natalie zingwe za nsapato. Lachitatu amamuperekeza kutchalitchi, kumene amaphunzirabe piyano, ndipo amakhala pambali pake akumva nyimbo ikudukiza pamene zala zija zikanagunda. Natalie anamukhululukira kalekale. Tsiku lina ndinamumva akumuuza kuti, "Usalire, Conrad, lamanzere likuphunzira." Kukhululuka kumeneko ndiko kumamupweteka Conrad koposa.

Tomato atapsa, kathumba kanaonekanso pamwamba pa mpanda. Conrad anakaona ali pawindo, koma analephera kutuluka. Natalie ndiye anapita, nanyanyamphira, n'kukatenga ndi dzanja lamanzere.

Ana anga, ndikulankhula ndi inu amene mukukulira kuno. Musatenge chinthu cha mwini, ngakhale mwiniyo ali kutali, ngakhale mnzanu akuti palibe aone. Tchimo lili ngati lupanga lija: kunja limawala, mukhoza kulikulunga ndi chikopa chokongola, kulembapo dzina lanu, koma m'kati mwaligwira kamsomali kokha. Conrad anachenjezedwa ndi mwini lupanga, ndi mayi ake, ndi mmisiri, ndi bambo ake, ndipo pomaliza ndi mpini womwe m'manja mwake. Mulungu sanamusiye wopanda mawu. Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Chimene ndaona ine n'choopsa kuposa pamenepo: nthawi zina nkhwangwayo imamudumpha wosamvayo, n'kukagwera mwana amene anangomubweretsera juwisi.