Chipanda Choyamba

Nkhondo itatha, a Custódio anabwerera ku Malowera kuchokera ku Zambia ndi akazi awo a Luzia, mwana wawo mmodzi wotsala dzina lake Bibiana, ndi mbiya imodzi yobenthuka pakamwa. Nyumba anaipeza itasanduka chulu. Mitengo ya masawu yokha ndiyo inawadikira.

Asanathawe, a Custódio anali atafulula vinyo wa masawu zaka makumi awiri. Ankasankha akupsa okhaokha, kuwayanika, kuwaviika, n'kumata mbiya ndi dothi masabata asanu ndi limodzi. Ankakonda kunena kuti, "Vinyo alibe miyendo, sathamanga. Ndipo chipanda choyamba n'cha wofulula. Ukaopa kulawa chako, usamwetse mwana wa mwini."

Koma ku tauni ya Fíngoè kunali kutadzaza okumba golide, anthu a ludzu losadikira. Palmira, mkazi amene ankawapempha mchere kumsasa wa othawa, ankagulitsa mowa wa masiku awiri wowawa ngati ndulu, ndipo anali atafolera kale malata. Tsiku lina a Custódio akudutsa pa kantina yake yogulitsira mowa, Palmira anawaitana anthu akumva.

"Madala, wanu uja wapsa, kapena tidikire nkhondo ina?"

Okumba golide anaseka mpaka kutsokomola. A Custódio anapalasa njinga mtima ukuwira, nakhotera njira ya ku Chipera, kwa sing'anga wina wovala jekete la asilikali lopanda mabatani. Anamupeza akuwothera dzuwa.

"Mwini lilime lotchuka wafika," anatero sing'angayo. "Chakusowani n'chiyani?"

"Ndikufuna vinyo wanga azipsa tsiku limodzi."

"Zazing'ono zimenezo." Anawapatsa kamuzu kokulunga m'kachikopa. "Mukakwirire pamene mumakhazika mbiya. Koma inuyo musadzalawenso. Chipanda choyamba cha mbiya iliyonse azimwa wa magazi anu."

"Nanga chimuchitikira n'chiyani?"

"Mbiya siinyengeka, akulu. Masabata asanu ndi limodzi mukuimanawo, ikawatenga kwa wolawayo."

A Custódio anamva. Asadzanene munthu kuti sanamve. Anangowerengera mumtima kuti mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali ndi masabata ambirimbiri.

Mbiya yoyamba inapsa m'mawa mwake. Bibiana analandira chipanda ndi manja awiri, akumwetulira. "Ababa, lero mwandiyesa munthu wamkulu?" Anamwa, nati n'ngokoma.

Vinyoyo anatchuka mpaka kumigodi. Mbiya zinafika zisanu, kenako khumi. Malata anabwera, njinga yamoto inabwera, ndipo Palmira anayamba kupereka moni atagwada. M'mawa uliwonse Bibiana ankayenda mbiya ndi mbiya, chipanda chili m'manja.

Mvula isanagwe, anayamba kudandaula kuti ndiwo zilibe mchere, mchere ulimo. Kenako amayi ake pomuluka tsitsi anapeza imvi. Mano anagwedera. Pofika nthawi yokolola ankayendera ndodo, ndipo alendo ankamupatsa moni ngati apongozi a a Custódio.

Tsiku lina masana a Luzia anaima pakhomo la nyumba ya mbiya.

"Bambo a Bibiana, ana atatu ndinawakwirira m'dothi la eni. Uyu yekha ndiye ndinabwera naye. Chikwatiwire sindinakuonenipo mukupatsa munthu vinyo musanalawe. Lawani ndione."

"Mano akundiwawa."

"Mano? Chaka chathunthu? Asilikali anatitengera zonse koma sankatidziwa. Inu mukumudziwa, munamutcha dzina ndinu."

"Mbiya za Loweruka lino zokha, mayi. Anthu anaitanitsa kale. Zikatha ndikafukula kamuzu kamene ndinakwirira."

Lachisanu Bibiana anakwawa mpaka pa mbiya. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. "Ababa, ndatopa," anatero. A Custódio anamugwirira chipanda pamilomo. Pa mbiya yachitatu Bibiana anagwa osadzukanso. Amene anasambitsa mtembo anati anasambitsa nkhalamba.

Mbiya zisanu ndi ziwiri zinatsala zosalawa. Maliro atangotha, a Custódio anazikweza pa lole kupita nazo kumsika wa Fíngoè, poti amati vinyo asaonongeke. Okumba golide anawazungulira. Mmodzi wa iwo, Jacinto, anakana kulandira.

"Mwambo wanu uja, madala. Yambani ndinu. Wolawa wanu paja tinaika."

A Custódio anayamba kuseka, kufuna kuzemba. Pomwepo a Luzia, amene anawatsatira atavala mpango wamaliro, anadutsa pakati pa anthu, natunga chipanda chodzaza.

"Imwani," anatero osakweza mawu. "Wa magazi anu watsala ndinu nokha."

A Custódio anamwa. Lilime lija, lodziwa masawu a mtengo ndi mtengo, silinamve kanthu, ngati amwa mpweya. Anatunga m'mbiya ina, inanso, akufunafuna kukoma, vinyo akuyenderera pachifuwa. Mutu unazungulira pomwepo ndipo sunabwererenso. A Luzia anabwereka munsi kwa wogulitsa mtedza, naphwanya mbiya zonse imodziimodzi.

Kuyambira pamenepo a Custódio ankayendayenda pakati pa Fíngoè ndi Malowera, akumata dothi pa mapale osweka. Akaona mtsikana aliyense ankamutchinga ndi mkono, amvekere, "Usalawe, mwanangu. Sanapse." Anamwalira m'mbali mwa msewu, phale lili m'manja.

Chuma chothamangitsa sichibwera chaulere, masiku amene mwadumpha amawalipira wina wa m'nyumba mwanu. Dyera linapha Bibiana, mwana amene nkhondo inamulephera. Inu ofuna kukhwima, musanagwire kamuzu, yang'anani kaye amene adzamwe chipanda choyamba.